Ngongole ya Zambia, 2020 mpaka 2024: zomwe ndinaona pa desiki yanga ndi zomwe anzathu a maiko ena anandiphunzitsa

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza pa maliro. Ndikapita kwathu ku Katete anthu akafunsa kuti kodi ku Lusaka kuja mumatani achimwene, ndimangoti ndimawerengera ngongole, nde ena amaganiza kuti ndine wa kaloba, mpaka tsiku lina amalume anandikokera kuseri kwa nkhokwe kuti ndiwabwereke ya feteleza. Zenizeni n'zakuti ndimayanjanitsa manambala. Wobwereketsa ali ndi nambala yake ya ndalama zomwe akuti timubwezere, ife tili ndi yathu, ndie payenera kupezeka munthu wokhala pansi ndi makontrakiti ndi spreadsheet mpaka manambala awiriwo agwirizane. Kuyambira 2021 mpaka 2024 ndinagwira ntchito imeneyi ku kampani ina ya boma, dzina lake tilisiye, yomwe inali ndi ngongole zakunja zomwe boma linasainira kuti kampaniyo ikalephera lidzabweza ndilo. Ku Paris ndi ku Marrakech, komwe akuluakulu ankakambirana za ngongole yathu, sindinapiteko, ine ndinali wa kukhitchini, wosenda anyezi wa ndiwo zomwe akuluakulu ankakadyera kunja.

Ndalemba izi chifukwa mtsikana wina yemwe akuphunzira za chuma anandifunsa kuti kodi zoti maiko osauka agwirizane pa nkhani ya ngongole ndi zenizeni kapena ndi njira yodyera ma allowance basi. Ndinamuyankha mwachidule tili pa basi ya ku Chelstone, koma funsolo likufuna malo.

Momwe tinafikira pamenepa

Amene anali akuluakulu mu 2005 akukumbukira. Mu Epulo chaka chimenecho, nthawi ya a Mwanawasa, nduna ya za chuma ali a Ng'andu Magande, Zambia inamaliza ndondomeko ya HIPC, yokhululukira ngongole maiko osauka omwe zinawachulukira, ndipo pofika 2006 ngongole yakunja yomwe inali pafupi madola 7 biliyoni inatsika kufika pansi pa biliyoni imodzi. Anthu a Jubilee Zambia anali atayenda m'matchalitchi zaka zambiri kusainitsa anthu kuti ngongole ikhululukidwe. Tinapuma. Ndie patangopita zaka 7 tinapita ku msika wa ndalama ndi Eurobond yoyamba, ngongole yomwe boma limatenga pogulitsa mapepala otchedwa bond kwa amalonda akunja, madola 750 miliyoni mu 2012 pa chiwongola dzanja cha 5.375 peresenti, ofuna kugula anachuluka kuposa bond yomwe inalipo ndipo tinanyada ngati mwana wakhoza mayeso. Mu 2014 ina ya biliyoni imodzi pa 8.5 peresenti, mu 2015 ina ya 1.25 biliyoni pa 8.97 peresenti. Onani mmene chiwongola dzanja chikukwerera pamenepo, msika unali ukutiuza kale kuti samalani koma ndani ankamva. Pambali pa izi panali ngongole za ma projekiti, zambiri zochokera ku mabanki a ku China, misewu, bwalo latsopano la ndege la Kenneth Kaunda, magetsi a Kafue Gorge Lower a 750 MW. Zina mwa izi ndi zinthu zabwino ndithu, sindili m'gulu la anthu omwe amati zonse zinali kuba ai. Koma walira mvula walira matope. Mkuwa unatsika mtengo, Kwacha inagwa, ngongole zili m'madola pomwe misonkho timatolera m'makwacha.

Mu Okutobala 2020 boma silinalipire madola 42.5 miliyoni a chiwongola dzanja pa Eurobond imodzi, masiku 30 achisomo anatha pa 13 Novembala, ndipo Zambia inakhala dziko loyamba mu Africa kulephera kubweza ngongole nthawi ya Covid. Mwezi womwewo wa Novembala maiko a chuma chachikulu a m'gulu la G20 anakhazikitsa Common Framework, njira yatsopano yoti obwereketsa akale a Paris Club, gulu la maiko olemera obwereketsa, ndi atsopano monga China, India ndi Saudi Arabia akhale pa mphasa imodzi pokonza ngongole za maiko osauka. Chad inapempha kulowa, Ethiopia inapempha, ife tinapempha kumayambiriro a 2021. Palibe ankadziwa kuti njirayi imayenda bwanji, ngakhale omwe anailemba.

Nkhani ya masiku 360

Apa ndipamene ine ndikulowera. Dziko likafuna kukonzanso ngongole, chinthu choyamba si kukambirana, ndi kudziwa kuti muli ndi ngongole zingati, kwa ndani, pa malamulo otani. Zimamveka zophweka. Koma ngongole ya boma siili m'buku limodzi ngati la a sitolo ya pa kona. Ina ili ku unduna, ina ili ku makampani a boma, ina boma linangosainira, ina inasainidwa koma ndalama sizinatuluke zonse, ina ndi ma kontrakitala omwe anagwira ntchito osalipidwa. Ntchito yanga inali kachigawo kakang'ono ka zimenezi.

Pa ngongole imodzi nambala yanga ndi ya wobwereketsa zinakana kukumana. Kusiyana sikunali kwakukulu kwambiri poyerekeza ndi ngongole yonse, koma kunali kokwanira kumangira sukulu, ndipo mwezi uliwonse kunkakula. Ndinatha masabata atatu ndikubwereza, ndimalowa mu ofesi mamawa kutuluka usiku, nsima ya pa Kamwala ndinaiiwala ndimangodya ma scone ndi tiyi pa desiki. Abwana anga ankangobwera kuima kumbuyo kwanga osalankhula, zomwe ndi zoopsa kuposa kukalipiridwa. Ndinafika poganiza kuti akutibera.

Yemwe anandithandiza sanali katswiri wochokera ku London. Anali mlongo wina wa ku Lilongwe yemwe ndinakumana naye pa maphunziro a mlungu umodzi omwe a MEFMI amakonza. Kwa omwe sadziwa, MEFMI ndi bungwe la maiko a kuno kummwera ndi kummawa kwa Africa, likulu lake lili ku Harare, ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu a m'maunduna a za chuma ndi m'mabanki aakulu kasamalidwe ka ngongole ndi chuma. Pa maphunzirowo tinkanong'onezana Chichewa kumbuyo, iye kundiseka kuti ndimati nkongole ndi manje, ine kumuseka kuti amati katapila. Ndinamuimbira pa WhatsApp usiku. Kontrakiti sindikanatha kumutumizira, inali ndi ndime yoletsa kuionetsa kwa munthu wakunja, nde ndinangomufotokozera vutolo opanda maina. Anandifunsa funso limodzi chabe: achimwene, chaka chanu chili ndi masiku angati?

Ndinaseka, ndinati 365 ngati cha aliyense. Iye anati pitani mukawerengenso tsamba la matanthauzo a mawu koyambirira kwa kontrakitiyo. Ndipo zinalidi pamenepo, chiwongola dzanja chimawerengedwa pa masiku enieni omwe apita koma kugawa ndi 360. Ndinkadziwa kuti zimenezi zilipo, tinaphunzira, koma template yomwe ndinaitengera kwa munthu yemwe analipo kale inali ya 365 ndipo ine sindinaifufuze, kulakwa kunali kwanga. Tiyerekeze ngongole ya madola 100 miliyoni pa 6 peresenti, ukagawa ndi 365 chaka chonse ndi 6 miliyoni, ukagawa ndi 360 ndi 6 miliyoni ndi madola opitirira 83,000 pamwamba. Chaka chilichonse. Kenako anandifunsa za chindapusa chomwe umalipira pa ndalama zomwe unasainira koma sunazitenge, chomwe timati commitment fee, ndi chiwongola dzanja cha chilango chomwe chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe wasiya kulipira. Cha chilangocho ndinali nditachiyambitsa pa tsiku lolakwika. Titakonza zitatuzi manambala anakumana, kupatula kachidutswa kamodzi komwe wobwereketsayo ndiye anali atalakwitsa, ndipo titamulembera anavomera.

Commitment fee imeneyi anthu amaiona ngati kanthu kakang'ono koma ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe boma mu 2022 linalengeza kuti likufufuta ngongole zoposa madola 2 biliyoni zomwe zinasainidwa koma ndalama zake zisanatuluke. Kulipira lendi ya nyumba yomwe sukugonamo.

Patapita nthawi ndinabweza ngongole yanga kwa mlongoyo. LIBOR ya dola, muyeso womwe mabanki ankatsatira poika chiwongola dzanja, itatha kumapeto kwa Juni 2023, ngongole zonse zomwe chiwongola dzanja chake chinkatsatira LIBOR zinayenera kusamukira ku muyeso watsopano wa SOFR, ndipo ife tinali titadutsamo kale pa ngongole ina, nde ndinamuuza mafunso oyenera kufunsa pa kandalama koonjezera komwe amaikapo posintha. Iwo amalemba ngongole zawo mu sisitimu ya Commonwealth, kuno boma limagwiritsa ntchito DMFAS ya UNCTAD, bungwe la United Nations la za malonda ndi chitukuko, koma mabodza ndi zolakwika zomwe zimabisala m'makontrakiti ndi zofanana.

Zaka zodikira

Mbali ya akuluakulu inayenda motere. A Hakainde Hichilema anapambana chisankho mu Ogasiti 2021, a Situmbeko Musokotwane anabwerera ku unduna wa za chuma. Komiti ya maiko omwe anatibwereka inakhazikitsidwa mu Juni 2022, apampando China ndi France, wachiwiri South Africa. Kumapeto kwa Ogasiti 2022 IMF inavomereza pulogalamu ya madola 1.3 biliyoni. Kenako zii. China inkafuna kuti World Bank ndi mabanki ena otere nawonso aluzeko, inkafunsanso za alendo omwe anagula ma bond a boma a m'makwacha, ena ankati ai zimenezo sizikhudzidwa, ife tili pakati ngati mwana yemwe makolo ake akukangana za fizi. Mu Juni 2023 ku Paris ndi pomwe anagwirizana pa madola 6.3 biliyoni, mwa izi zoposa 4 biliyoni za China. Ndalama yeniyeni yomwe tinabwereka sinadulidwe, koma nthawi yobweza inatalikitsidwa mpaka 2043 ndipo chiwongola dzanja chinatsika kufika 1 peresenti kwa zaka zambiri zoyambirira.

Anthu ambiri pa wailesi ankafunsa kuti ngati sanadule ndie atithandiza chani. Apa pali masamu omwe ndimafuna aliyense awamve chifukwa ndi omwe anabweretsa mkangano wotsatira. K100 yomwe udzalipire pakatha zaka 20 si K100 ya lero. Ukaiwerengera pa 5 peresenti, mmene IMF ndi maiko obwereketsa amachitira, ndi pafupi K38 ya lero. Ukaiwerengera pa 11 peresenti, mmene munthu wa pa msika angaionere, ndi pafupi K12. Ndie munthu akakulola kubweza mochedwa pa chiwongola dzanja chochepa waluza ndithu ngakhale sanafufute ngwee, koma kuti waluza zingati zimatengera peresenti yomwe wasankha, ndipo aliyense amasankha yomwe imamuonetsa kuti iye ndiye wapwetekedwa kwambiri.

Mu Okutobala 2023 boma linagwirizana ndi eni ma Eurobond. Mu ofesi tinaguliranako ma drinki. Mwezi wotsatira komiti ya maiko inakana mgwirizanowo, inati sukukwaniritsa comparability of treatment, kutanthauza kuti obwereketsa onse aluze molingana, pasakhale wodya mnofu wina akubudula mafupa. Pali miyeso itatu: ndalama zolipira m'zaka za pulogalamu ya IMF zatsika bwanji, mtengo wa ngongoleyo pa ndalama ya lero watsika bwanji, nthawi yobweza yatalika bwanji. Koma kuti miyeso itatuyi uiphatikize bwanji, uti ndi wolemera kuposa unzake, panalibe pepala lomwe dziko lobwereka likanatsegula n'kudziwerengera lokha lisanasaine. Unkayenera kubweretsa homuweki, aphunzitsi n'kukuuza kuti walakwa, koma osakuonetsa mayankho. Zinatenga mpaka Malichi 2024 kuti mgwirizano watsopano upezeke, eni ma bond anasiya pafupi madola 840 miliyoni, ndipo mu Juni 2024 ma bond akale anasinthidwa ndi awiri atsopano. Kuchokera Novembala 2020 ndi zaka zitatu ndi theka kupitirira. Nthawi imeneyo chilala chinali chitafika kale, Pulezidenti anali atalengeza za ngozi ya dziko kumapeto kwa Febuluwale, madzi ku Kariba komwe timapangira magetsi atatsika, mu ofesi tinkagwira ntchito pa jenereta ndipo kunyumba ku Kaunda Square ndinkachaja laputopu pakati pa usiku magetsi akabwera.

Zomwe Ghana inatengapo, ndi zomwe ife tinatenga kwa iwo

Ghana inasiya kulipira ngongole zakunja mu Disembala 2022, zaka ziwiri pambuyo pathu. Inalowa Common Framework mu Januwale 2023, IMF inavomereza madola 3 biliyoni mu Meyi, maiko obwereketsa anagwirizana nawo mu Januwale 2024 pa madola 5.4 biliyoni, ndipo mu Okutobala 2024 ma Eurobond awo a madola pafupi 13 biliyoni anasinthidwa. Zonse pasanathe zaka ziwiri. Sindinganene kuti zonsezi ndi chifukwa cha Zambia, ife tinataya nthawi yambiri koyambirira chifukwa panalibe pulogalamu ya IMF ndipo kunali chisankho, komanso ngongole ya Ghana ku China inali yochepa kuyerekeza ndi yathu. Koma njira inali itapondedwa. China ndi France anali ataphunzira kale kukhala pa mpando umodzi, ndipo aliyense anaona zomwe zinatichitikira mu Novembala 2023, palibe ankafuna kulengeza mgwirizano ndi eni ma bond asanamve maganizo a komiti ndi a IMF. Mwana woyamba ndi amene makolo amaphunzirirapo kulera.

Pa gulu lathu la WhatsApp, lomwe linayamba ndi anthu a maphunziro aja kenako ena kumaonjezera anzawo, panali bambo wina wa ku Accra. Iye ndiye anatifotokozera mbali yomwe ife tinaizemba. Ghana inakonzanso ngongole zam'dziko momwe, ma bond a boma omwe anagulidwa ndi mabanki, makampani a inshuwalansi ndi anthu wamba. Mu Febuluwale 2023 anthu opuma pantchito anakakhala panja pa unduna wa za chuma ku Accra ndi zikwangwani, ndipo yemwe anali Chief Justice, mayi Sophia Akuffo, anakakhala nawo. Zambia inasiya ngongole zam'dziko kunja kwa zokambirana, ndipo nditamva momwe bamboyo ankalongosolera za mabanki ndi ma penshoni ndinamvetsa chifukwa chake kuposa momwe ndinamvera powerenga mapepala a IMF. Mtengo wake ulipo, chiwongola dzanja cha ngongole zam'dziko chikudya bajeti yathu kwambiri mpaka pano, koma ndinaona kuti njira inayo ikanawawa pati.

Sri Lanka inagwa mu 2022, ndipo popeza imawerengedwa kuti si dziko losauka kwambiri, Common Framework sinaikhudze, komiti yake inatsogozedwa ndi Japan, India ndi France, China n'kumakambirana payokha. Ethiopia inalephera kulipira madola 33 miliyoni pa Eurobond yake mu Disembala 2023. Malawi inatsitsa mphamvu ya Kwacha yake ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mwezi womwe inapeza pulogalamu ya IMF, ndipo mlongo uja ananditumizira chithunzi cha mtengo wa shuga osalembapo chilichonse. Maiko onsewa ankakumana ndi mabanki omwewo, ma loya omwewo, alangizi omwewo, nthawi zina munthu mmodzi yemweyo atavala suti yomweyo. Iwo amadziwa zomwe Accra inavomera akamalowa mu Lusaka. Ife sitidziwa.

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse kwa ine. Paris Club inayamba mu 1956, ili ndi ofesi yake ku unduna wa za chuma wa France, mamembala ake amakumana pafupipafupi kuuzana kuti dziko lakuti likulipira bwanji, wakuti wachedwa, wakuti wapempha chani. Eni ma bond akangomva kuti dziko likudzandira amapanga komiti m'masabata ochepa. Wobwereka amabwera yekha, nthawi zambiri ndi anthu omwe sanachitepo zimenezi chifukwa omwe anachita HIPC anapuma pantchito kapena anamwalira, ndipo m'thumba mwake muli makontrakiti omwe amamuletsa kuonetsa mnansi wake. Amayi a chilimba pa Soweto Market amadziwa bwino kuposa ife, wa kaloba akakweza chiwongola dzanja kwa mmodzi pofika madzulo msika wonse wadziwa.

Bwanji osangokana kulipira tonse pamodzi

Funso ili limabwera nthawi zonse, mtsikana ujanso analifunsa. Linayesedwapo. Mu Juni 1984 maiko 11 a ku Latin America anakumana ku Cartagena, Colombia, mabanki ananjenjemera kuti akupanga gulu lokana kulipira, koma akuluakulu monga Mexico ndi Brazil anapatsidwa aliyense mgwirizano wake ndipo gululo linangotsala la zikalata. Kuno kwathu, pambuyo pa zipolowe za ufa ku Copperbelt mu Disembala 1986, a Kaunda pa 1 Meyi 1987 anasiyana ndi IMF, anati tizilipira ngongole ndi 10 peresenti chabe ya ndalama zomwe timapeza pogulitsa katundu kunja. Mu Julayi chaka chomwecho Thomas Sankara anaima pa msonkhano wa OAU, bungwe lomwe lero ndi African Union, ku Addis Ababa kupempha maiko a Africa kuti akane pamodzi, pofika Okutobala anali ataphedwa. Zambia inatsala yokha, thandizo linauma, m'masitolo munalibe kanthu, amayi anga amasimba za mizere ya sopo ndi mafuta ophikira, ndipo pofika 1989 tinabwerera komwe tinachoka.

Chifukwa chake sichovuta. Maiko sagwa tsiku limodzi. Pomwe Zambia ili m'dzenje, Kenya kapena Côte d'Ivoire akufuna kugulitsa bond mwezi wamawa ndipo safuna kujambulidwa chithunzi ndi ife. Komanso mawu akuti maiko otukuka kumene amabisa chinthu china: pa mlandu wathu wobwereketsa wamkulu anali China, India analipo, South Africa analipo. Ndipo kumapeto kwenikweni mkangano wovuta unali ndi mabanki athu a mu Africa momwe, Afreximbank ndi TDB, omwe Zambia ili ndi masheya mwa iwo. Iwo amati ndife mabanki a chitukuko, tinakubwerekani pomwe ena onse anatseka zitseko, musatidule. Obwereketsa ena amati chiwongola dzanja chanu ndi cha malonda, muluze ngati aliyense. Onse ali ndi mfundo, ndipo ine ndemwe ndimasinthasintha maganizo pa nkhaniyi. Ghana inakumana ndi funso lomweli, Malawi chimodzimodzi. Apa mgwirizano wa abale umayesedwa zenizeni chifukwa yemwe akufuna ndalama zake kwa iwe ndi msuweni wako.

Ndie ine za kukana pamodzi ndinazisiya. Zomwe ndaona zikugwira ntchito ndi zazing'ono komanso zosakoma kuzilengeza pa msonkhano. Chitsanzo chomwe ndimakonda ndi cha mathirakitala. Mu 1979 Zambia inatenga ngongole ku Romania ya zida za ulimi. Mu 1999 kampani ya Donegal International inagula ngongoleyo pa madola opitirira pang'ono 3 miliyoni, kenako inasumira Zambia ku khoti ku London kufuna madola 55 miliyoni, ndipo mu 2007 khoti linagamula kuti tilipire pafupi 15 miliyoni. Milandu ya mtundu umenewu ndi yomwe inachititsa kuti African Development Bank ikhazikitse African Legal Support Facility ku Abidjan, kuti boma lililonse la mu Africa lipeze ma loya odziwa pokambirana ngongole ndi makontrakiti akuluakulu. Mozambique itapezeka mu 2016 ndi ngongole zobisika za madola pafupi 2 biliyoni zomwe makampani a boma anatenga boma litasainira mwakabisira, aliyense m'chigawo chino anayamba kufunsa za ngongole zosainiridwa, ndipo ntchito yomwe ine ndinalembedwa ndi mwana wa mantha amenewo. Chaona mnzako chapita. Lamulo lathu la Public Debt Management Act la 2022, lomwe limafuna kuti ndondomeko ya chaka yobwereka ipite ku Nyumba ya Malamulo, anzathu pa gulu lija anandipempha kuti ndiwatumizire kangapo, ndipo limenelo ndinkatumiza mosaopa chifukwa ndi la poyera.

Zomwe zikubwera ndi zomwe zatsala pa desiki

Pamwamba zinthu zayamba kusuntha pang'ono. Kuyambira 2023 pali Global Sovereign Debt Roundtable komwe Zambia, Ghana, Ethiopia, Sri Lanka ndi ena amakhala pamodzi ndi obwereketsa, koma apampando ndi IMF, World Bank ndi dziko lomwe likutsogolera G20, nde uli mlendo m'nyumba ya eni. Mu Meyi 2025 African Union inachititsa msonkhano wa ngongole ku Lomé. Ndipo ku Sevilla, pa msonkhano wa United Nations wa za ndalama za chitukuko womwe unatha kumayambiriro kwa Julayi 2025, maiko anagwirizana kuti pakhale bwalo la maiko obwereka okhaokha mothandizidwa ndi UN, Zambia ndi Egypt anali m'gulu la omwe ankakankha. UNCTAD imati anthu oposa 3 biliyoni amakhala m'maiko omwe amalipira chiwongola dzanja chambiri kuposa zomwe amaika pa zaumoyo kapena maphunziro, choncho ofuna kulowa sadzasowa.

Mantha anga ndi oti lidzakhala bwalo la nduna zokha. Nduna zimasintha, ndipo nduna siidziwa kuti chaka chili ndi masiku 360. Ndikanakhala ndi mawu ndikanapempha zinthu wamba: malo amodzi omwe dziko lililonse lomwe lamaliza kukonza ngongole limasiya zomwe linagwirizana ndi mmene comparability inawerengedwera, mgwirizano woti tonse tizikana ndime zoletsa kuonetsa kontrakiti kwa Nyumba ya Malamulo ndi kwa maiko anzathu, popeza dziko limodzi likakana lokha amangopita kwa mnansi, ndi njira yoti munthu wa ku Accra yemwe wadutsamo akakhale miyezi itatu pa desiki ku Lilongwe kapena ku Addis Ababa, osati masiku awiri mu hotela. Komanso malipiro a anthu a ntchito imeneyi, chifukwa aliyense amene waphunzira bwino amatengedwa ndi banki pasanathe zaka ziwiri, pa gulu lathu lija atatu achoka kale.

Pali chinthu china chomwe chimandisowetsa tulo. M'migwirizano yathu yonse iwiri, ya maiko ndi ya ma bond, muli ndime yoti chuma chikayenda bwino kuposa momwe ankayembekezera, makamaka IMF ndi World Bank akakweza Zambia kuchoka pa gulu la ofooka kupita pa gulu lapakati pa mphamvu yosenza ngongole, tidzalipira mwachangu komanso pa chiwongola dzanja chokwera. Sri Lanka ili ndi ma bond omwe malipiro ake amatsatira kukula kwa chuma, Suriname inalonjeza gawo la ndalama za mafuta omwe sanayambe kupopedwa. Zinthu izi ndi zatsopano, mkuwa ukakwera mtengo zaka ziwiri n'kugwanso chachitatu ife tidzakhala titakwera kale sitepe yomwe sititha kutsikanso. Maiko atatuwa akuyenera kumauzana momwe ndimezi zikuyendera chaka ndi chaka, chifukwa dziko lotsatira lidzapatsidwa pepala lomweli kuti lisaine.

Kontrakiti yanga inatha kumapeto kwa 2024. Fayilo ndinasiyira mnyamata wina wochokera ku Petauke, ndinakhala naye masiku anayi kudutsa ngongole imodzi imodzi, ndipo ndinamulowetsa pa gulu la WhatsApp lija ngakhale abwana sanafunse. Mlungu watha mlongo wa ku Lilongwe analemba kufunsa kuti kodi ngongole ya banki ya m'chigawo yomwe inatengedwa kugulira mafuta a galimoto ife tinaiika pa mzere uti. Ndisanayankhe mnyamata wa ku Petauke anali atayankha kale, anati amayi, tiyambe taona ngati ili ndi akaunti yapadera komwe ndalama zimayamba kugwera, ndipo muone tsamba la matanthauzo. Wa ku Accra anaikapo chala cham'mwamba, kenako anafunsa ngati magetsi abwera ku Lusaka.